Mlendo Wodziwa Nyenyezi

Mlendo wofika m'mudzi usiku, angakhale ali wophunzira chotani, sadziwa kumene kuli chitsime. Kapena anawerenga mabuku ambiri, kapena anayenda maiko akutali, koma pofika pabwalo ayenera kuima ndi kufunsa eni mudzi kuti, "Kuno n'kwa yani?" Akamuuza zoona, nzeru zake zimayamba kuthandiza. Akamunamiza, amasochera ngati mwana.

Masiku ano kuli chipangizo china chofanana ndi mlendo wotere. Dzina lake ndi telesikopu ya kompyuta. Chipangizo ichi chimasunga maina ndi malo a nyenyezi zambirimbiri, ndipo chimatha kutembenuka chokha ndi kuloza nyenyezi imene mwini wake waitchula. Komatu pochitulutsa m'bokosi chimakhala mbuli. Sichidziwa dziko limene chafikamo, sichidziwa tsiku, sichidziwanso kumene chapenya. Zonsezi munthu ayenera kuchiuza, ndipo ayenera kuchiuza zoona.

Kumene inachokera

Telesikopu ndi chipangizo choonera zinthu zakutali. M'chaka cha 1608 munthu wina wa ku Netherlands, wosula magalasi a maso, dzina lake Hans Lipperhey, anaonetsa akuluakulu a dziko lake kachitsulo kamphako kokhala ndi magalasi awiri, kamene kanali kusendeza pafupi zinthu zakutali. Mbiri yake inafika ku Italy, ndipo mu 1609 Galileo Galilei anapanga yakeyake. Mu Januwale 1610 iye anaona timiyezi tinayi tikuzungulira dziko lotchedwa Jupiter. Mu 1668 Isaac Newton wa ku England anapanga telesikopu yosonkhanitsa kuwala ndi kalilole.

Kwa zaka mazana atatu ndi mphambu, munthu wofuna kuona chinthu chakumwamba anali kuchifunafuna yekha. Anali kutenga mapu a nyenyezi, nayamba pa nyenyezi yowala imene aidziwa, nalumphira pa inzake, monga munthu woolokera pa miyala ya mumtsinje. Ntchito iyi inali kufuna zaka za kuphunzira. Tsono mu 1992 kampani ya Meade ya ku America inatulutsa telesikopu yotchedwa LX200, yokhala ndi kompyuta ndi timainjini toitembenuza, ndipo anthu wamba okonda nyenyezi anaigula ambiri. Kampani inanso ya ku California, dzina lake Celestron, inapanga zake zotchedwa NexStar. Imodzi mwa izo, NexStar 8SE, ndiyo ikhale chitsanzo m'nkhani ino.

Ziwalo zake

Chiwalo choyamba ndi mgolo waufupi wonenepa. M'kati mwake muli kalilole wotambalala mamilimita 203. Kamboni wa diso la munthu, ngakhale mumdima wa bii, satambalala kupitirira mamilimita 7 kapena pamenepo. Chotero kalilole uja amasonkhanitsa kuwala kuposa diso ka 800. Nchofanana ndi mvula: wotchera mtsuko wa kukamwa kwakukulu amapeza madzi ambiri kuposa wotchera botolo.

Kumbuyo kwa mgolo kuli kagalasi koikapo diso. Kagalasi kamene kamabwera ndi telesikopu iyi kamakulitsa chinthu ka 81. Pamwamba pa mgolo pali kolozera, kamene kamaonetsa kadontho kofiira. Mgolowo umagwiridwa ndi mkono wachitsulo, ndipo mumkonomo muli timainjini tiwiri: kena kamakweza ndi kutsitsa, kena kamatembenuzira kumanja ndi kumanzere. Zonsezi zimakhala pa miyendo itatu. Potsiriza pali kabokosi ka m'manja kokhala ndi mabatani ndi kazenera ka malemba. M'kabokosi umo ndimo muli maina ndi malo a zinthu zakumwamba zoposa 40,000.

Ntchito ya masana

Munthu wanzeru amayamba dzuwa lisanalowe. Choyamba amasankha malo olimba, opanda mitengo yotchinga, otalikira nyali ndi utsi wa kukhitchini. Pamenepo amaimika miyendo ija. Mayi aliyense adziwa kuti mafuwa akapendekeka, mphika nawo umapendekeka. Ndi mmenenso zilili ndi telesikopu. Nchifukwa chake amaika levulo pamwamba pa miyendo, monga achitira amisiri omanga nyumba, natalikitsa mwendo uwu, nafupikitsa uwo, kufikira kathovu kataima pakati. Kompyuta imawerenga msinkhu wa nyenyezi kuchokera pa malo amene yakhalapo, ndipo ngati malowo apendekeka, masamu ake nawo amayamba mopendekeka.

Chachiwiri ndicho kugwirizanitsa kolozera ndi mgolo. Munthu amaloza mgolo pa chinthu chakutali chosasuntha, monga nsonga ya mtengo wa pa phiri, nachiika pakati penipeni pa kagalasi. Kenaka amapotoza tizitsulo ta kolozera kufikira kadontho kofiira katagwa pa nsonga yomweyo. Wonyalanyaza ntchito iyi adzavutika usiku, pakuti kadontho kadzaloza kwina, mgolo kwina.

Pano pali lamulo limodzi losayenera kuswedwa. Telesikopu isaloze dzuwa, ngakhale kamphindi. Kalilole wosonkhanitsa kuwala ka 800 amatentha diso nthawi yomweyo, ndipo khungu lotere lilibe mankhwala. Ana asasiyidwe okha ndi telesikopu masana.

Chachitatu ndi mphamvu. Telesikopu iyi imalowa mabatire ang'ono 8, koma amatha msanga, ndipo akayamba kufooka timainjini timayenda mosokonezeka. Ambiri amagwiritsa ntchito batire lalikulu la mavoti 12. Zikatha izi, mgolo umasiyidwa panja kwa theka la ola kapena kupitirira, kuti uzizire mofanana ndi mpweya wa usiku. Mgolo wofunda umaonetsa nyenyezi zonjenjemera, monga zinthu zooneka kupyola pa moto.

Mafunso a makina

Mdima ukagwa, munthu amayatsa makina, ndipo kabokosi kamayamba kufunsa. Funso lina ndi la malo. Pa mapu a dziko lonse pali mizere yoyezera, ndipo mudzi uliwonse uli ndi manambala ake awiri. Yoyamba imanena kutalika kwake kuchokera pa mzere wa Ikweta, umene umagawa dziko pakati. Yachiwiri imanena kutalika kwake kuchokera pa mzere wodutsa ku Greenwich, mu mzinda wa London. Lilongwe ali pafupi ndi madigiri 14 kumwera ndi 34 kum'mawa. Blantyre ali pafupi ndi 16 kumwera ndi 35 kum'mawa. Mzuzu ali pa 11 ndi theka kumwera ndi 34 kum'mawa. Mafoni ambiri a m'manja amaonetsa manambala awa. Chofunika kusamala ndi mawu awiri aja, kumwera ndi kum'mawa. Wolemba kumpoto m'malo mwa kumwera wauza makina kuti ali kutsidya lija la Ikweta, kumene thambo limaoneka mwa mtundu wina.

Funso lina ndi la nthawi. Dziko limazungulira kamodzi pa tsiku, ndiye kuti madigiri 15 pa ola lililonse, ndipo nchifukwa chake nyenyezi zimatuluka kum'mawa ndi kulowa kumadzulo monga dzuwa. Wotchi ikanama ndi ola limodzi, thambo la m'kabokosi limasiyana ndi thambo lenileni madigiri 15. Makina amafunsanso za chigawo cha nthawi. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe ali patsogolo pa nthawi ya ku Greenwich ndi maola 2. Maiko ena a ku Ulaya ndi America amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi m'miyezi yotentha, koma maiko ano sachita zimenezo, chotero funso la kusuntha wotchi liyankhidwe kuti iyayi.

Funso lotsiriza ndi la tsiku, ndipo apa pali mbuna. Anthu a kuno polemba kalata amayamba ndi tsiku, kenaka mwezi. Anthu a ku America amayamba ndi mwezi, kenaka tsiku, ndipo kabokosi aka kamatsata mwambo wa kwawo.

Mnyamata ndi atsibweni ake

Mnyamata wina wa m'boma la Dedza anagwira ntchito zaka zingapo ku Johannesburg, ndipo pobwera kumudzi anatenga telesikopu yotere. Anali atasunga ndalama zake nthawi yaitali. Abale ena sanakondwe, nati ndalamazo zikadagula malata. Tsono iye analonjeza kuti madzulo a pa 12 Juni aonetsa mudzi wonse zakumwamba. Anthu anasonkhana atafunda nsalu ndi mabulangete, pakuti Juni wa ku Dedza sasewera. Ana asukulu anadza ndi aphunzitsi awo.

Mnyamatayo anachita zonse mwaluso. Miyendo inaima bwino, kolozera kanagwirizana ndi mgolo, manambala a malo analembedwa molondola. Nthawi inali 7 koloko. Pa tsiku analemba 12/06, monga anazolowera. Kenaka anasankha njira yotchedwa SkyAlign, imene Celestron inatulutsa mu 2005. M'njira iyi munthu safunika kudziwa dzina la nyenyezi. Amangoloza zowala zitatu zotalikirana, ndipo kompyuta imayeza mipata ya pakati pake ndi msinkhu wake, niyerekeza ndi nyenyezi zoyenera kuoneka pa malo amenewo ndi nthawi imeneyo, nizizindikira yokha.

Analoza zitatu, makina anakana. Analozanso zina zitatu, makina anakananso. Mphepo inali kuomba, makanda anayamba kulira, ndipo amayi ena ananyamuka kunka kwawo. Mwamuna wina anaseka nati, "Malata sakana."

Pamenepo mnyamatayo anayesa njira ina, ya nyenyezi ziwiri. M'njira iyi kabokosi kamatchula maina a nyenyezi zowala zimene kakuganiza kuti zili kumwamba. Pakati pa mainawo panali Rigel. Iye anayang'ana m'kabuku kake, napeza kuti Rigel ndi nyenyezi yoyera yokhala pafupi ndi zitatu zondondozana. Anayamba kuzifunafuna, akucheukira uku ndi uku.

Atsibweni ake, nkhalamba yosadziwa kuwerenga, anali atakhala phee pa mpando. Anafunsa nati, "Kodi mphwanga, ukufuna chiyani kumwambako?"

Iye anati, "Atsibweni, ndikufuna nyenyezi zitatu zija zondondozana. Makina akuti zatuluka kum'mawa."

Nkhalambayo inati, "Akamwiniatsatana? Mwezi uno? Iai mphwanga. Amenewo ndi a dzinja. Amaoneka madzulo chimanga chili m'munda, Nsangwe zili patsogolo pawo. Tsopano tikukolola, iwo ali kuyenda ndi dzuwa. Makina akowo akuyesa kuti kuno kuli mvula."

Mnyamatayo anakhala chete, nabwerera pa funso la tsiku, nawerenga bwino timalemba ta pa kazenera. Pamenepo anaona. Polemba 12/06 anali atauza makina kuti lero ndi pa 6 Disembala. Anakonza, nalemba 06/12.

Nkhalambayo inanena zoona, ndipo masamu amavomereza. Chifukwa dziko limayenda mozungulira dzuwa, nyenyezi iliyonse imatuluka mofulumirako ndi mphindi 4 usiku uliwonse. Pa mwezi zimakwana maola 2. Pa miyezi 6 zimakwana maola 12, ndilo theka la tsiku. Chotero makina anali kufuna thambo la mbali ina ya chaka, limene panthawiyo linali kunsi kwa mapazi a anthu.

Kuloza nyenyezi ziwiri

Tsopano kabokosi kanatchula Arcturus, nyenyezi yowala ya maonekedwe a lalanje, imene madzulo a Juni imakhala pamwamba chakumpoto cha kum'mawa. Mnyamatayo anakanikiza mabatani a mivi kufikira kadontho kofiira katagwa pa nyenyeziyo. Kenaka anaika diso pa kagalasi, nachepetsa liwiro la timainjini, naikokera pakati penipeni pang'onopang'ono. Apa mpofunika kudekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyenyezi ikaikidwa m'mbali mwa kagalasi, cholakwacho chimatsata zonse zimene makina adzaloze usiku umenewo. Opanga telesikopu iyi amalangizanso kuti potsiriza munthu akanikize batani lokweza ndi la kumanja, chifukwa mano a timagudumu ta m'kati ali ndi kampata, ndipo makina nawo poloza amatsirizira mbali zomwezo.

Atavomereza nyenyezi yoyamba, anasankha yachiwiri, Antares, yofiira, imene inali chakum'mawa. Pamenepo mgolo unayamba kutembenuka wokha, ukulira pang'ono, nuima pafupi ndi nyenyezi yofiirayo. Amene anali kuseka analeka. Iye anaikokeranso pakati, navomereza, ndipo kabokosi kanalemba kuti ntchito yatheka.

Nchifukwa ninji nyenyezi imodzi siikwanira bwino? Munthu wokhoma thabwa ndi msomali umodzi aona kuti thabwalo limazungulirabe. Akakhoma wachiwiri, limaima. Ndipo misomali iwiriyo ikatalikirana, thabwa limalimba koposa. Momwemonso nyenyezi zosankhidwa zikhale zotalikirana, zisakhale pamutu penipeni, zisakhalenso m'munsi pafupi ndi mapiri. Mabuku ambiri olembedwa ku Ulaya amanena za Polaris, nyenyezi ya kumpoto, koma imeneyo siioneka ku Malawi, ndipo telesikopu ya mtundu uwu siiifuna. Makina akatha kuzindikira thambo, miyendo isakhudzidwenso. Mwana akapunthwa pa mwendo umodzi, ntchito yonse iyambidwenso.

Zimene anthu anaona

Madzulo amenewo Mtanda wa Kumwera unali utaima chilili, ndipo Mlalang'amba unali kudutsa pomwepo ngati utsi woyera. Kumanzere kwa Mtanda kuli nyenyezi ziwiri zowala. Yowala koposa ndi Alpha Centauri. Ndi maso imaoneka imodzi, koma m'kagalasi imagawika nikhala ziwiri, ndipo iliyonse ndi dzuwa monga lathuli. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, koma kuti kuchoke pa nyenyezi imeneyi kufika kuno kumatenga zaka 4 ndi miyezi ingapo. Nayonso ndiyo yapafupi mwa nyenyezi zonse zooneka ndi maso usiku.

Kenaka mgolo unatembenukira ku Omega Centauri. Ndi maso ndi kadontho kachimbuuzi. M'telesikopu ndi mulu wa nyenyezi zothithikana ngati mapira okhuthulidwa pa mphasa, ndipo akatswiri amati zilipo mamiliyoni. Kuwala kwake kunanyamuka zaka zoposa 15,000 zapitazo. Anthu anandandalika, aliyense naona, ndipo chinthucho sichinachoke m'kagalasi. Pa telesikopu yosayenda yokha, nyenyezi imatuluka m'kagalasi pa mphindi ziwiri kapena zitatu chifukwa cha kuzungulira kwa dziko. Koma iyi imalondola nyenyezi pang'onopang'ono usiku wonse. Aphunzitsi analetsa ana kuyatsa matochi, pakuti diso limatenga mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima, ndipo kuwala koyera kumaononga zimenezo nthawi yomweyo. Wofuna kuwerenga pamdima aphimbe tochi ndi kansalu kofiira.

Atsibweni aja anaona pomalizira. Anakhalitsa pa kagalasi, ndipo powongoka anati, "Ndakalamba ndikuyesa kuti kaja n'kamtambo."

Kodi makina amapha nzeru?

Pakati pa anthu okonda nyenyezi pali mkangano. Ena amati telesikopu ya kompyuta imalera ulesi, pakuti munthu akhoza kuona zinthu makumi asanu usiku umodzi osadziwa ngakhale kumene kuli kumwera. Mawu awa ali ndi choonadi chake. Munthu wokwera galimoto masiku onse amaiwala njira zachidule za kumunda. Ena amati makina amatsegulira khomo anthu ambiri amene akadataya mtima asanapeze kanthu. Awanso sanama, pakuti ana a sukulu aja sakadadikira m'mphepo kufikira munthu atapeza Omega Centauri ndi mapu.

Koma nkhani ya ku Dedza ionetsa chinthu chimene mbali zonse ziwiri ziyenera kukumbukira. Makina aja sanalakwe. Anawerengera molondola pa zimene anauzidwa. Analibe njira yodziwira kuti kunja kukuzizira, kuti chimanga chauma, kuti anthu afunda mabulangete. Mnyamata anali ndi sukulu, koma maso ake anali pa kazenera. Nkhalamba inalibe sukulu, koma inali itawerenga thambo zaka zake zonse, monga anachitira makolo amene anali kudziwa nyengo poona Nsangwe, ndi kudziwa kuti kwatsala pang'ono kucha poona Nthanda. Pakadapanda nkhalamba, anthu akadabalalika ndi chitonzo. Pakadapanda mnyamata wodziwa kuwerenga, cholakwacho sichikadapezeka, pakuti chinabisala m'manambala anayi.

Apa pali phunziro kwa onse amene ayamba kuwerenga atakula. Manambala 12/06 ndi 06/12 ndi omwewo, koma kusinthana malo kwawo kunasuntha chaka ndi miyezi 6. Zoterezi zimachitikanso pa botolo la mankhwala, pa tsiku la mlandu, pa kalata ya ngongole. Kuwerenga kwenikweni ndiko kuyang'ana kawiri, ndi kufunsa ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi zimene maso akuona. Safunsa anadya phula. Ndipo wophunzira malemba asataye nzeru zimene anali nazo kale, pakuti ndizo zidzamuchenjeza tsiku limene pepala kapena makina adzanena zosayenera.

Telesikopu ndi ya mtengo wapatali, ndipo owerenga ambiri sadzakhala nayo. Koma chiyambi cha ntchito yonseyi sichilira ndalama. Miyezi ya Meyi, Juni ndi Julayi ndiyo yabwino, mvula itatha, utsi wa moto wa m'tchire usanachuluke. Munthu atuluke madzulo, apenye kumwera, apeze Mtanda ndi nyenyezi ziwiri zoutsata. Alembe m'kope tsiku ndi nthawi imene Mtandawo waima chilili. Pakapita mwezi ayang'anenso, ndipo adzapeza kuti pa ola lomwelo wapendekera kumadzulo, chifukwa unaima chilili maola 2 m'mbuyomo. Afunsenso akuluakulu a m'mudzi maina a nyenyezi zimene iwo azidziwa, awalembe m'kope momwemo, kuti ana adzawapeze.